Fosholo ya a Gaston

Lole ya mafuta otenthetsera nyumba inaima pageti, koma Armand, dalaivala wake, sanatsitse paipi. Anangotsegula windo.

"Mayi Thibodeau, pepani, chaka chino dzina lanu mulibe m'gulu lolandira thandizo. Akuti malamulo asintha, ndiye kapenshoni kanu kapitirira malire pang'ono."

"Ndalemera eti?" anaseka mayiwo. "Ukanandiuza kale, bwenzi nditavala ndolo."

Armand sanaseke nawo. Lole itachoka, Mayi Thibodeau anakatenga fosholo ya malemu amuna awo, a Gaston. Mpini wake unali udakali wosalala pamene pankagwira dzanja lawo.

Kale, asanamve n'komwe za thandizo la boma, a Gaston ankaunjika chipale chofewa, chimene chimagwa ngati mvula m'nyengo yozizira, m'mbali mwa nyumba mpaka m'mawindo, kuti mphepo yozizira ya kwawoko ku Maine isalowere pansi. "Ili ndiye bulangete la amphawi," ankatero, uku ana akuwagenda nacho kumsana. Kukada, banja lonse linkagona m'khitchini pafupi ndi mbaula, miyendo itapiringizana, kulimbirana gombeza limodzi, wina akudandaula kuti mnzake wamuponda khutu.

Mayi Thibodeau anayambira kukhoma lakumpoto, monga ankachitira a Gaston. Sanapite patali, msana unakana. Anatsamira fosholo ija n'kusuzumira pawindo la khitchini. Mbaula inali pomwe paja, pambali pake mpando umodzi.

"Gaston, munkandinamiza inu," anatero chapansipansi. "Si chipale chimene chinkatifunditsa."