Mbande Yotsukidwa Mizu

Masiku ano banja lililonse limalandira mbande imodzi ya azitona, ndipo ikauma, banjalo limasamutsidwa. Ya malemu mwana wanga ndinaithira dothi lomaliza lokhala ndi timaulusi toyera ta bowa. Timaulusito timalowa m'mizu, mizuyo n'kuchuluka, n'kumapeza madzi. Popanda ito mtengo sukula kuno.

Dzulo ndinapeza mkazi wake, Nangozo, akuibwezera m'dzenje, mizu ili mbee ngati chinangwa chosenda.

"Inachita chuku, amayi. Ndaitsuka ndi sopo, ingatisiye ngati mwini wake."

"Mwagwira ntchito, Nangozo," ndinatero. "Kasambeni m'manja."

Anapita akumwetulira, koyamba chiikireni maliro.

Mbandeyo ndaithirira ndithu m'mawa uno. Kenako ndayamba kusoka matumba a katundu kuseri kwa nyumba, kumene sangandione.