Malovu a Galu wa Malemu

"M'kamwa mwauma gwa," anatero dokotala wa ziweto, akuyang'ana kathonje kamene anapisa pansi pa lilime la galuyo. "Popanda malovu sindingadziwe ngati m'chiberekero mwake muli mafinya. Kodi amachucha dovu akamva chiyani, bambo?"

Bambowo anakanda kumutu. Galuyu anali wa malemu akazi awo. Chichokereni mayiwo, iwo ankangomuikira chakudya pakhonde osanena kanthu, n'kukadya chawo m'nyumba, okhaokha.

Anapempha kambale kachitsulo ndi supuni. Anagogoda pang'onopang'ono, nge, nge, nge, kenako anaitana ndi timawu tating'ono ngati ta mayi aja: "Bwera udye, mwana wanga, chingazizire!"

Galu anaimika makutu, mchira n'kuyamba kumenya tebulo limene anamugonekapo. Dovu linayenderera, ndipo dokotala ananyowetsa thonje lake msangamsanga n'kulitsekera m'kabotolo.

"Basi, akwana amenewa. Mutha kusiya, bambo."

Koma galu sanayang'ane mbale ija n'komwe. Maso ake anali pachitseko, kudikira kuti chitseguke. Bambowo, supuni idakali m'manja, anangozindikira kuti nawonso akuyang'ana komweko.