Nyimbo Yodukaduka ya Bambo

Sutikesi inali pa tebulo, yotsegula. Mwana wachisamba ankapinda malaya a bambo ake, makutu ali tcheru.

Mkuluyo anali atayambanso kuimba. Anakhala pa mpando wake wa masiku onse, moyang'anana ndi chithunzi cha anyamata awiri ovala zausilikali, iye ndi mng'ono wake. Za kunkhondo sankazikamba. Koma chimwalirireni mkazi wake, nyimbo ya asilikali iyi sinkachoka pakamwa. Ankaimba mzere umodzi n'kukhala chete, phazi likugundabe pansi.

"Tili pano, tili pano."

Zii.

"Matope afika m'chiuno."

Zii.

"Musawauze amayi."

Mwanayo anali atamasulira kale zonse. "Tili pano" ndiye kuti mutu wa bambo wabwerera m'maenje a kunkhondo. Mipatayo ndi mawu amene ukalamba wadya. Anali ataifufuza nyimboyo pa foni, ndipo inali ndi mizere yowirikiza kawiri poyerekeza ndi imene bambo ankaimba. Munthu woiwala theka la nyimbo yake, mawa adzaiwala kuzimitsa moto. M'nyumba muno bambo sangakhalenso okha. Awatenga lero kuti akakhale nawo kwake, afune asafune.

Mpata wina utafika, chisoni chinamugwira mwanayo. Anayang'ana pa foni n'kuimba motsitsa mawu: "Anyamata inu, muli kuti?"

Phazi lija linaima.

"Iwe, wakupatsa ndani mawu amenewo?"

"Ndimati ndikukumbutseni, bambo. Mwayamba kuiwala."

Mkuluyo anamuyang'ana nthawi yaitali. Kenako anatchula mizere yonse yosowa ija, umodziumodzi, osaimba, ngati akuwerenga maina a ana ake. Anatchulanso ndime ina imene pa foni panalibe.

"Poguba, mmodzi amayambitsa, enafe timavomera," anatero. "Wovomera salanda mawu a mnzake."

Anatembenukira ku chithunzi chija.

"Woyambitsa anali bambo ako aang'ono. Chipolopolo chinawapeza nyimbo ili pakamwa. Ine ndimangowasiyira malo awo."

Phazi linayambanso kugunda. Mpata utafika, mwanayo anakhala nawo chete, malaya omwe anapinda aja ali m'manja.