A Lameki ndi Amayi Atatu a ku Lisungwi

A Lameki atafika pamkuyu waukulu anawerama ngati akumanga chingwe cha nsapato, n'kusuzumira kumbuyo. Analipo. Mayi Dailesi, chidebe chopanda kanthu m'manja, ataima pakati pa nsungwi, maso ali m'mwamba ngati akuwerenga zisa za mbalame.

Mtima wa mphunzitsi wopuma pantchitoyo unagunda ngati wa mnyamata wa Fomu 2.

Chizolowezi choyendayendachi anachitola ku Joni. Akazi awo atamwalira chaka chatha, mwana wawo Gregory anawaitanitsa ku Cape Town kuti akapepukidweko mtima. Kumeneko anaona zodabwitsa. M'mphepete mwa nyanja yamchere munali malo otetezedwa, okhala ndi tinjira ta matabwa ndi mbalame zosaopa munthu. Ndipo anthu akuluakulu, ena a imvi ndithu, ankangoyenda. Osati kupita kumsika, osati kumaliro. Kungoyenda basi, kenako n'kuima, kumayang'ana madzi.

Atabwerera ku Neno anati nawonso ndi munthu. Nyanja kunalibe, koma mtsinje wa Lisungwi unalipo, ndi kankhalango kamene mudzi unaletsa kudulamo mitengo. Ndiye m'mawa uliwonse, kupatula Lamulungu, ankavala kabudula amene Gregory anawagulira, mawondo ali mbuu, n'kutsetsereka. Ankadutsa m'nsungwi, kulambalala madimba a tomato, mpaka pathanthwe loyang'ana padziwe lakuya. Pamenepo ankaima, manja kumbuyo, n'kumausa moyo monga ankachitira anthu a kunyanja aja.

"Ulendo wa kuti, aphunzitsi?" a m'madimba ankafunsa.

"Kulibe. Ndikungoyenda."

Anthuwo ankayang'anana. A Lameki ankawamvera chisoni. Munthu amene sanapitirirepo pa Zalewa ungamufotokozere bwanji?

Sabata yachitatu ndi pamene anazindikira kuti sakuyenda okha. Lolemba kumbuyo kwawo kunali Mayi Rute, akutola nkhuni zimene sizinkakwana mtolo. Lachiwiri Mayi Estere, atasenza zochapa zimene zinkabwerera zouma. Masiku otsalawo, Mayi Dailesi. Onse atatu a Mvano kutchalitchi kwawo, onse amasiye, onse akatembenukiridwa ankayamba kuchita chidwi ndi mitengo.

Kunyumba a Lameki anadziyang'ana pagalasi kwa nthawi yaitali. Dazi linalipo. Dzino lakutsogolo limene linaguluka linali lisanabwerere. Mimba inali itatsogola pang'ono. Koma galasi limadziwa chiyani? Amayi atatu sangalakwitse onse. Pomaliza anagwirizana ndi mtima wawo kuti chinsinsi chili pakabudula.

Kunena zoona, nyumba inkawakulira. Ankapezeka akutsutsana ndi wailesi, ndipo tsiku lina anapepesa nkhuku ataiponda. Choncho nkhaniyi sanaitenge mwachibwana. Anakhala pakhonde n'kuyamba kuchonga ngati mayeso. Mayi Rute, mtima wabwino koma pakamwa sipatsekeka. Mayi Estere, ophika bwino, koma adzukulu asanu ndi awiri. Nanga Mayi Dailesi? Ofatsa, amphamvu, olima okha dimba lonse. Choposa zonse, ankabwera kanayi pa sabata, kaya kuli chiperoni kaya dzuwa. Ndiponso anzawo aja ankaima patali, koma Mayi Dailesi, a Lameki akangokwera pathanthwe, ankasendera pafupi mpaka kumveka kupuma kwawo.

Chikondi chimaoneka ndi khama. Mayi Dailesi anakhoza.

Ndiye lero linali tsikulo. M'matumba a kabudula munali manachesi anayi osankhidwa bwino, ndipo m'mutu munali mawu amene anawaloweza masiku awiri. Anafunsirapo mbeta kamodzi kokha pamoyo wawo, zaka makumi anayi zapitazo, ndipo ngakhale nthawi imeneyo anawayankhulira ndi amalume awo. Akanidwa? Mudzi wonse udzadziwa dzuwa lisanafike paliwombo.

Anachoka pamkuyu paja akuyenda mwachifatse kuti asawasiye kutali Mayi Dailesi. Anakwera pathanthwe. Madzi anali phee, obiriwira. Anasendera kumapeto kwenikweni kwa mwalawo kuti aoneke olimba mtima. Kenako anakumbukira kuti munthu wolemekezeka sayankhula nkhani zotere chipewa chili kumutu. Anachivula, n'kuchiika pansi bwinobwino. Anayang'ana kumwamba, natsinzina, kupempha mphamvu.

Kumbuyo chidebe chinagwa. Mapazi anathamanga. Asanatembenuke n'komwe, manja awiri anawagwira m'chiuno zolimba, n'kuwakokera chambuyo mpaka onse awiri anagwera paudzu. Manachesi anagubuduka, lina mpaka m'madzi.

Eee, anaganiza a Lameki ali chagada, amayi a masiku ano sadikira n'kufunsiridwa komwe!

Mawu oloweza aja anali atabalalika, koma mfundo yake anaikumbukira.

"Mayi Dailesi," anatero akupuma wefuwefu, "musavutikenso. Ndakhala ndikukuonani nonse atatu. Ndaganiza mofatsa, ndipo ndasankha inu."

Mayi Dailesi sanawataye. Misozi inali italengeza.

"Mwasankha chiyani, aphunzitsi? Moyo ndi wokoma, musatero! Chimwalirireni akazi anu mukungoyenda opanda kolowera, tsiku ndi tsiku kudzayang'ana dziwe ili. Ife a Mvano tinagawana masiku okulonderani kuti mungadziponyemo."

A Lameki anawatembenukira. "Nanga inu... kanayi pa sabata?"

"Anzangawo sadziwa kusambira."