Matope M'kabotolo

Telala anali atakweza kale makina ake osokera pangolo pamene mkazi wake anatulukira, manja ali m'chiuno.

"Tsitsani. Ine sindisamuka."

Bamboyu anali wamantha chibadwire, woti bingu likangogunda amayamba kutsanzika ana. Ndiye taonani, sabata yonse ankangoyendayenda ndi kabotolo ka madzi amene anatunga patsinde pa damu ladothi, lomwe linamangidwa kumtunda kwa nyumba zawo kuti lizigwira madzi osefukira. Aliyense wokumana naye ankamuonetsa. Akuti kale madzi odontha pamenepo ankatuluka oyera mbee, koma tsopano akutuluka ndi matope, ndiye kuti khomalo likudyeka m'kati. Munthu wa singano, woti fosholo sanaigwirepo, lero wasanduka injiniya!

"Mayi, mvula ikubwerayi tikokoloka ndi ana omwe," anatero motsitsa mawu.

"Nanga akapitawo oyang'anira damulo amakhala kuti? Si nyumba yoyamba ija, patsinde penipeni? Ali ndi ana asanu, koma ali phee. Inu mukudziwa kuposa iwo?"

Anthu anali ataunjikana kale kumpanda, mano onse pamtunda. Wina anafuula kuti ngati damulo labooka, telala angolisokerera chigamba. Mwini ngolo, yemwe ankangodzitokosa m'mano, anakumbutsa kuti akapita wapita, mtsinje ukadzaza sawolokanso.

Telala anayang'ana kabotolo, anayang'ana anthu aja. Mantha anali nawo ndithu, koma manyazi anaposa. Ndipo kunena zoona, mawu a mkaziyo anali ovuta kuwatsutsa. Ndani angagoneke ana ake pansi pa khoma limene akudziwa kuti ligwa? Makina anatsika. Matiresi anatsika, mapoto ndi mipando yomwe. Anthu anawomba m'manja ngati akuonera mpira, kenaka anamwazikana poti kunali kutayamba kudontha.

Mwini ngolo anakwera, nakoka zingwe, ng'ombe n'kuyamba kuyenda. Atafika pachipata anacheuka.

"Mwazichitira chifundo ng'ombe zangazi, bwana, zatopa zedi. Chiyambire Lolemba zakhala zikututa katundu wa akapitawo kupita kuphiri, kudzera njira yakuseri. Ana awo anatsogola kale. Makatani okha ndi amene anati tiwasiye m'mawindo, anthu angatekeseke."