Mafuta a Makwinya

"Awa ndiye sawotcha, amayi," anatero mtsikana wa m'sitolo, akundipaka pang'ono kuseri kwa dzanja. "Khungu lanuli silifuna zaukali."

Ndinamuonetsa tsaya limene mafuta ena anandisupula.

"Nanga makwinyawa adzatha?"

"Ndisakunamizeni, amangofewetsa khungu." Anaseka. "Kodi bambo kunyumba akudandaula?"

"Sadandaula. Akudwala matenda oiwala. M'mawa ndikamawasambitsa amandifunsa mwaulemu kuti, 'Agogo, mwamuonako mkazi wanga?' Amafuna uja wa pachithunzi cha ukwati wathu."

Mtsikanayo anasiya kuseka. Anayang'ana mabotolo onse pashelefu, mpaka apamwamba, kenako anaweramitsa mutu.

"Otero tilibe, amayi."

"Ndikudziwa, mwana wanga," ndinatero. "Ndikulungire omwewo. Ndawasiya atakhala pakhomo, akumudikira."