A Dikishonale ndi Mlendo wa Loweruka

Tiyi anali atazizira kale m'kapu, koma a Dikishonale anali akadali pa liwu limodzi lomwelo. Dzinali anawapatsa ndi ana asukulu kalekale akuphunzitsa Chingerezi, ndipo linawakakamira mpaka atapuma pa ntchito.

"Inu a masiku ano mukamva liwu loti publish mumangoganiza za makina osindikizira," anatero akuloza mlendo wawo ndi supuni. "Liwuli ndi lakale kuposa makinawo. Linachokera ku Chilatini, n'kudzera ku Chifalansa, ndipo muzu wake ndi anthu, gulu. Mfumu ikatuma munthu kukafuula lamulo pamsika, kumeneko kunali kupabulisha. Woulula chinsinsi cha mnzake pagulu, wapabulisha. Ngakhale kutchalitchi, abusa akalengeza kuti uje akufuna kukwatira uje, Angerezi amati apabulisha. Zamabukuzi zabwera dzulodzuloli."

Atafika pa za kutchalitchipo anamuyang'ana mlendoyo cham'mbali. Iye anangomwetulira.

Anali mkonzi pa kampani ina yosindikiza mabuku, mnyamata wa tayi wowongoka ndi nsapato zowala. Yemwe anabwera naye pakhomopo ndi mwana wamkazi wa a Dikishonale, namwino, amene anati anakumana naye kuchipatala n'kumuuza kuti bambo ake ali ndi buku lomwe analemba lonena za mbiri ya mawu. Kuchokera pamenepo mkonziyo sankaphonya Loweruka. Ankabwera ndi zipatso m'kathumba, n'kubwereka mutu umodzi wa bukulo, sabata yotsatira n'kuubweza, n'kutenganso wina.

A Dikishonale sanali mwana. Bukulo makampani anali atalibweza kangapo konse, mpaka iwo analimanga ndi chingwe n'kuliponya pamwamba pa kabati. Ndiye lero mnyamata wabwinobwino aziwotcha mafuta a galimoto chifukwa cha mapepala odyedwa ndi njenjete? Komanso ankaseka nthabwala zawo zonse, ngakhale zija akazi awo anasiya kuseka ali atsikana.

"Mnyamata uja sakufuna buku," anauza akazi awo mlendoyo atapita. "Akufuna namwino wathuyu. Bukuli ndi khomo lolowera basi."

"Nanga akamalifunadi?" anafunsa akazi awo akuchotsa makapu.

"Amayi, bukuli inu nomwe munagona muli pa tsamba loyamba."

"Ndinali nditatopa."

"Aliyense amene waligwira amakhala atatopa."

Anazinena moseka, koma penapake pamtima panawawa. Komabe anadzitonthoza. Mwana wawo anali wofatsa, wolimbikira ntchito, ndipo mkamwini wodziwa pomwe pamakhala mpumiro m'chiganizo sapezeka wamba. Chomwe chinkawatopetsa n'kuzengereza kwa mnyamatayo. Mbewa yamanyazi inafera kuuna. N'chifukwa chake anamuponyera dala za kutchalitchi zija, kuti apezepo poyambira.

Loweruka lotsatira mkonzi anafika atavala jekete, dzuwa likuswa mtengo. Tiyi sanamukhudze. Ankangotembenuza makiyi a galimoto m'manja.

"Bambo, lero ndabwera ndi nkhani," anatero. "Ndimaopa kuiyamba msanga zinthu zisanapse, poti ndinayenera kuyamba ndagwirizana ndi akuluakulu kwathu. Tsopano onse avomera. Tikufuna kupabulisha mwezi wamawa, ngati inu mungalole."

A Dikishonale anatsamira pampando, kukhosi kuli mbee. Phunziro lawo linali litalowa. Mwana wake waulemu bwanji, kufunsira mbeta pogwiritsa ntchito tanthauzo lakale lenilenilo!

"Amayi, taitanani mwanayo," anatero.

Namwino analowa akupukuta m'manja, amayi ake ali pambuyo. A Dikishonale anaimirira, anakoka malaya awo, n'kutsokomola ngati mmene ankachitira pa mzere wa m'mawa kusukulu.

"Mwana wanga," anayamba akuyang'ana mkonziyo, "ine ndinadziwa kalekale chimene chimakubweretsani pano, ndipo sindikukuimbani mlandu. Zipatso tadya, ulemu tauona. Ndavomera ndi mtima wonse. Koma ndikuchenjezeni, namwino wathuyu m'mawa asanamwe tiyi musamamuyankhule. Akakwiya amatsuka mbale zoyera kale, mungomusiya. Ndipo mapepala anga aja mubweze, mwavutika nawo mokwanira. Palibe chifukwa chomanamizira kuwawerenga."

Namwino anayang'ana amayi ake, kenako anagwira pakamwa, mapewa akugwedezeka ndi kuseka. Mkonzi anaika makiyi patebulo pang'onopang'ono.

"Bambo, ine ndili pabanja, ndipo mwana wathu wachiwiri ndi amene anagonekedwa m'chipatala muja," anatero. "Ndikunena za buku lanu. Ndaliwerenga lonse, ndipo sindinaonepo lina lotere."